Mkungudza pa phiri la Mulanje: lipoti la ntchito ya magulu a nazale ndi anthu otchinga moto mongodzipereka

Lipoti ili likunena za ntchito yomwe anthu a m'midzi yozungulira phiri la Mulanje akhala akugwira pofuna kubwezeretsa mkungudza, makamaka kuyambira mu 2016. Ndalilemba ngati mlangizi wa za nkhalango yemwe wagwira ntchito ndi magulu a nazale komanso makomiti a zachilengedwe m'mphepete mwa phirili, mbali ya Mulanje ndi ya Phalombe. Mfundo yanga ndi imodzi ndipo ndiinene poyambirira. Kufesa ndi kudzala mkungudza anthu akumudzi anakugwira msanga, ndipo anakuchita bwino. Pomwe ntchito imatithera ndi pakati pa Ogasiti ndi Novembala, nyengo ya moto, ndipo gawo limenelo ndi lomwe talisiya m'manja mwa anthu ongodzipereka, opanda malipiro, ambiri opanda ngakhale nsapato zoti n'kupondera pa chitsa chamoto.

Mtengowo ndi mmene unathera

Mkungudza weniweni, womwe akatswiri a zomera amautcha Widdringtonia whytei, umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, m'zigwa ndi m'makwawa a pamwamba, kuyambira pa mamita pafupifupi 1,800 kupita m'mwamba. Kwina komwe mungaupeze, kaya ku Zomba kaya ku Viphya, unachita kudzalidwa ndi anthu. Nkhalango ya phirili inatetezedwa ndi lamulo mu 1927. Mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo osungirako zachilengedwe, ndipo mu Julayi 2025 linalilandira ngati malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse lapansi. Maulemu onsewa sanathe kuteteza mtengowo.

Chomwe chinaupha ndi ubwino wake womwe. Thabwa la mkungudza chiswe sichidya, siliola msanga ngakhale likhale m'madzi, ndipo fungo lake limakhala zaka. Ndiye linkafunika pa madenga, zitseko ndi mafelemu, pokhoma maboti a ku nyanja, komanso pa timabokosi ndi ziboliboli zomwe amagulitsa kwa alendo pa njira ya ku Likhubula. Kwa zaka zambiri boma linkapereka ziphaso zocheka mitengo yakufa yokha. Ocheka ena anapeza pozembera: ankasenda khungwa kuzungulira tsinde kapena kusonkhapo moto, mtengo n'kuuma, nyengo yotsatira n'kudzaucheka ngati wakufa. Mu 2007 ziphaso zija zinaimitsidwa, koma sowo sinaleke kulira. Inangosamukira m'makwawa ovuta kufikamo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhalango za mkungudza zinali pa mahekitala pafupifupi 1,460. Pofika 2004 anatsala pafupifupi 845. Kalembera wa mu 2014 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo yoposa 38,000. Wa mu 2017 anapeza 7 yokha, ndipo pofika 2018 nayonso inali itagwetsedwa. Mu 2019 dziko lino linapempha kuti mkungudza ulowe pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi, ndipo zinatheka, koma n'kuti m'phiri mulibenso mtengo waukulu woti n'kugulitsa.

Ziwerengerozi ndimazitchula kawirikawiri pa misonkhano ya m'midzi, osati pofuna kuchititsa munthu manyazi, koma chifukwa zimanena zoona za mmene zinthu zinayendera. Mitengo masauzande sizimiririka m'zaka zitatu anthu osaona. Thabwa lililonse linatsika pamutu pa munthu, linadutsa m'njira zodziwika, linakwezedwa pa galimoto. Onyamulawo anali ana a m'midzi momwemu, ngakhale ndalama yeniyeni inkapita kwa ogula a kutali. Anthu omwe lero tikuwapempha kuti ateteze mbande amadziwa zonsezi, ndipo amazikumbukira tikamalankhula nawo za kudzipereka.

Pali zinthu ziwiri za chibadwa cha mtengowu zomwe aliyense wogwira nawo ntchito ayenera kudziwa. Choyamba, mkungudza weniweni suphukira pachitsa. Ukadulidwa kapena ukapsa uli waung'ono, wapita. M'phiri momwemo muli mbale wake wamfupi, Widdringtonia nodiflora, yemwe amaphukiranso moto ukadutsa koma sakula n'kufika pokhala mtengo wa matabwa, ndipo akakhala aang'ono awiriwa amafanana kwambiri. Chachiwiri, mbande yake imafuna kuwala, simera bwino mumthunzi wa nkhalango yothithikana. Choncho malo omwe imakonda, m'mphepete mwa nkhalango pomwe pamayambira udzu, ndi malo omwewo omwe moto umafika chaka ndi chaka. Kuwonjezera apo, m'zaka za m'ma 1980 kunabwera nsabwe za mitengo zomwe zinafooketsa mikungudza yambiri, ndipo paini yemwe anadzalidwa ku Chambe ndi ku Sombani, pamwamba pa phirili, anafalikira yekha n'kulanda malo.

Magulu a nazale

Mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ya ku Zomba ndi bungwe la ku Britain la Botanic Gardens Conservation International anayamba ntchito ya zaka zitatu ndi ndalama za Darwin Initiative, thumba la boma la Britain lothandizira ntchito zoteteza zachilengedwe. Anakhazikitsa nazale 10 m'midzi ya m'munsi mwa phiri, momwe munali anthu pafupifupi 150, ambiri mwa iwo amayi. Popeza m'phiri mitengo yobereka inali itatha, njere zinkachokera m'minda ya mkungudza yomwe inadzalidwa kale pa phiri la Zomba. Pomwe gawo loyambali linkatha, mbande zoposa 500,000 zinali zitakwera phiri n'kudzalidwa.

Munthu akamva chiwerengero chimenechi amaganiza kuti inali ntchito ya anthu olembedwa. Ayi. Gulu limalandira njere, machubu, zipangizo ndi ulangizi, koma ndalama imabwera mbande zikakula n'kugulidwa. Kumanga shedi, kututa dothi ndi mchenga, kudzaza machubu, kuthirira ndi kuzulira kwa miyezi yambiri, zonsezi zimachitika pongokhulupirira kuti kutsogoloku kuli wogula. Mayi yemwe akuthirira mbande mu Seputembala wasiya dimba lake, wasiya ganyu yomwe ikanamupatsa ya ndiwo tsiku lomwelo. Kwa ine kumeneko n'kudzipereka, ngakhale pamapeto pake pamabwera kangachepe.

Pa luso la nazale, vuto lomwe ndinkakumana nalo pafupifupi m'gulu lililonse latsopano ndi madzi. Anthu athu anazolowera nazale ya matimati ndi mpiru, yomwe imafuna kuthirira kwambiri m'mawa ndi madzulo. Mkungudza sufuna madzi odikha. Mbande ikangomera n'kukhala m'dothi lonyowa kwambiri, pansi pa shedi yofolera mothinana, imaola pakhosi n'kugwa, ndipo nthendayi imayenda m'bedi lonse m'masiku ochepa. Mankhwala ake si ogula. Timakweza bedi, timawonjezera mchenga wa kumtsinje ku dothi la pamwamba ndi manyowa owolerana bwino, timapatulako udzu wa pa shedi kuti mphepo idutse, ndipo timathirira m'mawa mokha pokhapokha dothi litauma. Gulu likaona lokha kusiyana kwa bedi lothiridwa mopitirira ndi lothiridwa mwa muyeso, silifunanso mlangizi pa nkhani imeneyi. Amayi ena anafika podziwa kuyesa chinyontho ndi chala kuposa ife ophunzira za nkhalango.

Njere zake ndi zazing'ono, zopepuka, ndipo si zonse zomwe zimakhala ndi moyo. N'chifukwa chake timayamba tafesa pa bedi, zomwe zamera n'kuziokera m'machubu zikadali zanthete, m'malo motaya machubu pa njere zopanda kanthu. Pookera, muzu usapindike. Mbande yopindika muzu imaoneka bwino m'nazale koma ikafika m'phiri imangoima osakula, kenako n'kuuma chilimwe choyamba. Machubu amafunanso kusunthidwa nthawi ndi nthawi kuti mizu isalowe m'nthaka, apo ayi tsiku lonyamula imaduka. Mpanda wa udzu kapena wa nsungwi ndi wofunika chifukwa cha nkhuku ndi mbuzi.

Chinthu chomwe chimaiwalika ndi kusiyana kwa nyengo. Nazale zili kumunsi kotentha, pomwe mbande zikupita kumwamba komwe kuli mphepo yamkuntho, dzuwa loswa mutu masana ndi chisanu choumitsa udzu mu Juni ndi Julayi. Kutatsala masabata angapo kuti zinyamuke, timachotsa shedi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi kuti zikhwime. Gulu limachita mantha poona masamba akusintha mtundu, limaopa kuti wogula akana, ndiye limabwezeretsa mthunzi. Pamenepa mlangizi ayenera kukhala pafupi, chifukwa mbande yobiriwira yonenepa yomwe sinakhwimitsidwe ndi yomwe imayamba kufa m'phiri.

Za kayendetsedwe ka gulu ndinene mwachidule. Magulu omwe ankalemba kaundula wa tsiku ndi tsiku, wosonyeza yemwe wabwera ku ntchito, n'kugawana ndalama motsatira kaundulayo, ndi omwe anakhalitsa. Komwe ankagawana mofanana, akhama ankatopa n'kusiya. Komwe mayina atsopano ankatulukira ndalama zikayandikira, gulu linkasweka. Omwe analumikiza nazale ndi banki m'khonde anapindula kawiri, chifukwa ndalama ya mbande sinkathera tsiku limodzi ndipo anthu anali ndi chifukwa china chokumanirana sabata iliyonse. Koma gulu lililonse lodalira wogula mmodzi limakhala pa chiopsezo, popeza mkungudza si mtengo woti munthu wa m'mudzi angagule kukadzala kumunda kotentha. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti pambali pa mkungudza azifesanso mbawa, msangu, mthethe, mitengo ya zipatso ndi ya milimo, zomwe msika wake uli pakhomo.

Kukweza ndi kudzala

Kuchoka ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, kukafika ku Chambe munthu wopanda katundu amayenda maola atatu kapena anayi. Mbande zimakwera njira zotere pamutu, m'mabeseni ndi m'madengu, dothi lake lili lonyowa, nthawi ya dzinja miyala ikuterera. Nyengo ya boma yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma m'phiri kudzala mochedwa n'kutaya mbande, chifukwa imafuna mvula yokwanira kuti mizu igwire chisanu chisanafike. Yodzalidwa mu Januwale imakhala ndi mwayi woposa yodzalidwa kumapeto kwa Malichi.

Malo odzalapo nawonso anatiphunzitsa. Mbande zomwe zinaikidwa poyera, pakati pa udzu wa m'chidikha, zinkavutika ndi mphepo, chisanu ndi kupanikizidwa ndi udzu. Zomwe zinaikidwa pafupi ndi zitsamba, kuseri kwa miyala kapena m'mphepete mwa nkhalango zotsala zinkagwira bwino. Gawo lachiwiri la ntchitoyi, lomwe linayamba mu 2019, linakhazikitsa minda yoyesera kuti aone zomera zomwe zingamere limodzi ndi mkungudza n'kuuteteza uli waung'ono, komanso linayesa kudzala mkungudza ngati mpanda kumunsi kuti masamba ake azitulutsa mafuta onunkhira ogulitsa. Maganizo onsewa ndi abwino. Koma mbande yodzalidwa pa malo abwino, pa nthawi yabwino, imapsa chimodzimodzi moto ukafika.

Moto

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mvula ikaleka, udzu wa m'phiri umauma, ndipo kuyambira Ogasiti kufika pomwe mvula yoyamba igwe, kamoto kalikonse kamasanduka lupsa. Magwero ake ndi odziwika: alenje otentha tchire kuti nyama zituluke, osaka mbewa, ofula uchi omwe amasiya muuni ukufuka, otentha makala kumunsi, ocheka matabwa ophika m'phiri, ndi ena oyatsa dala chifukwa chokwiya atalandidwa katundu. Pa malo otsetsereka moto umathamangira kumtunda kuposa liwiro la munthu, ndipo mphepo ya m'phiri imasintha mosachenjeza. Mbande ya zaka ziwiri kapena zitatu, yofika m'chiuno, moto wa mphindi zochepa umaimaliza, ndipo monga ndanena, siphukiranso. Ntchito ya mayi wa ku nazale, ya wonyamula ndi ya wodzala imathera pomwepo.

Njira yotetezera ndi yakale ndipo imagwira ntchito. Timalambula mizere yotchinga moto kuzungulira malo odzalidwa, yotakata mamita angapo, kumweta udzu, kupalira mpaka dothi lioneke ndi kukokera zinyalala kutali. Kenako timatentha mwadala m'mbali mwa mzerewo udzu usanaumitsitse, m'mawa kwambiri kapena madzulo mphepo itadekha, kuti moto waukulu ukadzabwera upeze popanda chakudya. Ntchitoyi nthawi yake ndi Meyi, Juni ndi kuchiyambi kwa Julayi, pomwe chiperoni chimasunga chinyontho. Ukachedwa, moto wako womwe wotetezera ndi umene umathawa n'kukapsereza mbande. Tsinde lililonse limafunanso kupaliridwa mozungulira. Ndipo zonsezi si za chaka chimodzi. Udzu umameranso dzinja lililonse, ndiye mzere umafuna kulambulidwa chaka ndi chaka mpaka mitengo itakula, khungwa litakhuthala, nthambi zitatalikira pansi. Zimenezi ndi zaka zambiri, pomwe ntchito zothandizidwa ndi ndalama zakunja nthawi zambiri zimakhala za zaka zitatu.

Kulambula mizere nthawi zina kumakhala ndi ganyu yolipidwa. Kuzimitsa moto wadzidzidzi ndiye kumagwera aliyense yemwe ali ndi mtima. Utsi ukaoneka pamwamba, alonda a nkhalango ndi ochepa kuyerekeza ndi kukula kwa phiri. Omwe amathamanga ndi mamembala a makomiti a zachilengedwe a m'midzi, achinyamata, ndi anyamata onyamulira alendo katundu ndi kuwalondolera njira, omwe amalidziwa phirili ngati pakhomo pawo. Amayamba akwera maola angapo asanafike pa motowo. Madzi ozimitsira kulibe. Chida ndi nthambi zaziwisi, chikwanje ndi khasu. Kamba ndi chinangwa chophika kapena mbatata, ngati kunyumba kunali. Ambiri amavala nsapato zapulasitiki zomwe zimasungunuka. Nthawi yabwino yolimbana ndi moto ndi usiku, mphepo ikachepa, koma usiku m'phiri muli maphompho ndipo tochi ndi ya pa foni. Akatsika mawa lake, atapsa m'manja, akutsokomola utsi, kunyumba kumakhala funso lomveka: mwabwerako ndi chiyani?

Funso limeneli sindilitenga ngati dyera. Miyezi ya moto ndi miyezi yomweyo yomwe banja limakolola nandolo, limasosa ndi kugalauza m'munda, limaumba ndi kuwotcha njerwa, komanso ndi nyengo ya zinamwali m'midzi yambiri ya kuno. Tsiku lomwe bambo kapena mnyamata wathera m'phiri lachotsedwa pa ntchito zimenezi. Chaka choyamba anthu amabwera ambiri chifukwa cha chidwi ndi ulemu kwa amfumu. Chaka chachitatu amatsala omwewomwewo, ochepa, otopa. Ndaonapo komiti yomwe inayamba ndi mphamvu ikutsala ndi wapampando ndi mlembi okha, osati chifukwa anthu analeka kukonda phiri, koma chifukwa njala siyembekeza.

Chifukwa chomwe gawoli limasowera ndalama n'chosavuta kumva. Mbande zimawerengeka, ndipo tsiku lodzala limakhala ndi alendo, nyimbo ndi zithunzi. Mzere wotchinga moto ukagwira ntchito yake, palibe chomwe chimachitika, ndiye palibe chojambula. Malipoti ambiri amanena kuchuluka kwa mitengo yodzalidwa, ochepa ndi omwe amanena yomwe ili moyo patatha zaka zitatu. Ine ndikanakonda kuona mbande 50,000 zotetezedwa bwino kusiyana ndi 500,000 zosiyidwira mwayi.

Pali chenjezo limodzi kwa omwe angafune kukonza vutoli ndi ndalama. Kulipira anthu pa moto uliwonse womwe azimitsa n'koopsa, chifukwa moto umasanduka ntchito, ndipo komwe ntchito ikusowa pamapezeka woyatsa. Cholipira chikhale malo omwe sanapse. Mudzi upatsidwe chigawo chake chodziwika malire, ndipo mvula yoyamba ikagwa, chigawocho chiyenderedwe, mbande zamoyo ziwerengedwe, malipiro atsatire zimenezo.

Ocheka, achibale ndi lamulo

Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe komanso kuchita mgwirizano ndi boma wosamalira limodzi zigawo za nkhalango yotetezedwa. Mu 2020 lamuloli linakonzedwa, zilango zinakwera. Pa pepala zinthu zili bwino. M'mudzi, membala wa komiti ali ndi udindo koma alibe mphamvu. Wocheka kapena wotentha makala yemwe wamuona m'phiri ndi mlamu wake, mwana wa achemwali ake, kapena munthu yemwe amapemphera naye. Akamuneneza, mawa akumana pa maliro. Ena mwa ocheka amayenda m'magulu, ali ndi zikwanje ndi nkhwangwa, ndipo kuopsezana kumachitika.

Ndikamakambirana ndi anyamata omwe ankanyamula matabwa, yankho lawo limakhala lija la makolo, lakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Thabwa limalipira lero, mkungudza wodzalidwa chaka chino adzaucheka ndi adzukulu. Sindiwatsutsa ndi ulaliki, chifukwa masamu awo ndi olondola. Chomwe ndimakana ndi kutuma anthu ongodzipereka kuti akalimbane ndi magulu otere maso ndi maso. Ntchito ya komiti ikhale kuona ndi kudziwitsa mwachinsinsi, kugwira anthu kukhale kwa omwe lamulo linawapatsa mphamvu ndi zida. Ndipo anthu akumudzi amayang'anitsitsa ngati lamulo likufikanso kwa mwini galimoto ndi wogula, kapena likuthera pa wonyamula. Akaona kuti likuthera pa wosauka, amatseka pakamwa, ndipo mlangizi sangawatsegulenso.

Omwe ali ndi chawo m'nkhalango

Pa zonse zomwe ndaona, anthu omwe amathamangira utsi osadikira kuitanidwa ndi omwe ali ndi chawo choti chingapse. Alimi a njuchi omwe anapachika ming'oma m'nkhalango za kumunsi ndiwo oyamba. Amatsatira ndi amayi otola masuku ndi bowa, omweta udzu wofolera ndi odula nsungwi mwa chilolezo cha mgwirizano wa mudzi wawo. Nkhalango ya kumunsi, ya mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, imaphukira yokha pazitsa ikangotetezedwa ku moto ndi nkhwangwa, ndipo phindu lake limaoneka m'zaka zochepa. Moto wambiri wofika kumwamba umayambira kumunsi komweku, choncho kuteteza nkhalango ya kumunsi ndi kutetezanso mkungudza.

Chitsanzo china chili ku Bondo, kumwera kwa phiri, komwe madzi a mtsinje wa Lichenya amapukusa makina opanga magetsi omwe amayendetsedwa ndi kampani ya MEGA. Anthu a kumeneko anathandiza ndi manja awo pomanga, ndipo magetsiwo amafika m'nyumba, m'sukulu, pa chipatala ndi m'mabizinesi ang'onoang'ono. Chilimwe madzi akachepa mumtsinje, mphamvu ya magetsi imachepanso. Munthu wa ku Bondo safuna msonkhano kuti amve kugwirizana kwa nkhalango ya kumtunda ndi babu la m'nyumba mwake.

Madzi a phirili amapindulitsanso ena akutali. Minda ya tiyi imadalira mitsinje yake, ndipo kuyambira mu 2019 madzi a ku Likhubula amapita ku Blantyre. Ntchito yoika mapaipiyo isanayambe, nzika zina za ku Mulanje zinaumirira kuti ayambe adzala mitengo m'phiri. Maganizo anga ndi akuti onse omwe amamwa kapena kupanga ndalama ndi madzi amenewa azisonkha chaka ndi chaka ku thumba lokhazikika lolipirira ntchito yotchinga moto, chifukwa iwo sadzachoka pakatha zaka zitatu.

Pambuyo pa Freddy

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa napolo m'malo ambiri a Mulanje ndi Phalombe, kuphatikizapo Muloza ndi Nkhulambe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Akuluakulu a ku Phalombe anakumbukira napolo wa mu 1991. Zitachitika izi, ena anayamba kuuza anthu kuti mitengo ikanakhalapo ngoziyi sikanachitika. Ine mawu amenewa sindiwanena, chifukwa mvula ya masiku amenewo inagumula ngakhale malo omwe anali ndi nkhalango, ndipo munthu yemwe waika abale ake m'manda sayenera kusenzetsedwa mlandu wabodza. Choona n'chakuti phiri lopsa ndi lometedwa limataya madzi mofulumira, limakokolola dothi lambiri ndipo mitsinje yake imaphwa msanga. Zimenezi n'zokwanira kukhala chifukwa chogwirira ntchito.

Chomwe namondweyu anachita ku magulu athu n'chakuti anthu omwe minda yawo inakwiririka ndi miyala ndi mchenga anatembenukira ku nkhuni ndi makala kuti adye, ndipo omwe ankadzipereka anachepa chifukwa aliyense ankamanga pogona. Pomwe phiri linkafuna manja ambiri ndi pomwe manja anasowa. Kusintha kwa nyengo kukuchulukitsa zaka zotere, ndiye dongosolo lodalira kudzipereka kokha lizigwa nthawi yomwe likufunika kwambiri.

Zomwe ndikupempha

Kwa aliyense wokonza ntchito yodzala mitengo m'phiri la Mulanje, pempho langa loyamba n'lakuti asafese mbande yomwe alibe ndalama yoitetezera ku moto kwa zaka zosachepera zisanu. Chiwerengero cha mbande chichokere pa kutalika kwa mizere yomwe angathe kulambula chaka ndi chaka, osati pa kuchuluka kwa machubu omwe agula. Anthu ozimitsa moto akhale gulu lodziwika m'mudzi uliwonse, lophunzitsidwa kuwerenga mphepo ndi kudziwa pothawira, lokhala ndi majombo, zovala zosagwira moto msanga, matochi, zomenyera moto ndi chakudya chosungidwa pa nyumba za alendo za m'phiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, kuti asamakwere ndi njala. Wovulala pa ntchitoyi azidziwa yemwe amuperekeze ku chipatala ndi kulipira. Amayi a ku nazale azikwera nawo kukaona mbande zawo patatha chaka, chifukwa omwe anazilera ndi omwe amafunsa mafunso ovuta akapeza zapsa, ndipo mafunso amenewo amafika kwa amfumu msanga kuposa lipoti la mlangizi.

Kudzipereka kusathe, chifukwa palibe ndalama yomwe ingagule maso a mudzi wonse. Koma kukhale pamwamba pa ntchito yolipidwa, osati m'malo mwake. Ndipo mapangano a ntchito yolambula mizere azisainidwa mu Epulo, zipangizo zizifika m'midzi Meyi asanathe, popeza ndalama yofika mu Ogasiti imapeza udzu utauma kale ndipo nthawi yotentha motetezera itadutsa.